Mmene mungawerengere mapulotoni, manyutuloni ndi maelekitironi osasokonezeka

Mafunso amene ndimalandira pa nkhani ya maatomu amabwera m'maonekedwe osiyana, koma gwero lake ndi limodzi. Wina amafunsa ngati sodium ikakhala Na⁺ ndiye kuti yalandira pulotoni ina. Wina amati wachotsera 17 pa 35.5 n'kupeza kuti chlorine ili ndi manyutuloni 18.5, ndiye akufuna kudziwa kuti theka la nyutuloni likutanthauza chiyani. Wina amangofunsa kuti ayoni ndi isotopu zimasiyana pati. Onsewa sanagwire chinthu chimodzi: m'atomu muli tinthu titatu, ndipo kusintha kwa kalikonse mwa tinthu titatuti kuli ndi dzina lakelake. Ndalemba zonse pano kamodzi kuti ndizingokulozerani. Khalani ndi pepala, cholembera ndi periodic table (tchati cha maelementi onse) pafupi, ndipo nambala iliyonse imene ndatchula muziiwerengera nokha. Kungowerenga ndi maso sikukuthandizani.

1. Dziwani tinthu titatuti ndi pamene timakhala

Pakatikati pa atomu pali nyukiliyasi, lomwe ndi phata lake. Mmenemo mumakhala mapulotoni ndi manyutuloni. Maelekitironi amakhala kunja, mozungulira phatalo. Pulotoni iliyonse ili ndi chaji cha +1, elekitironi iliyonse ili ndi chaji cha −1, pomwe nyutuloni ilibe chaji chilichonse.

Pa kulemera, pulotoni ndi nyutuloni n'zofanana pafupifupi, choncho timati iliyonse ikulemera 1. Elekitironi ndi yopepuka zedi, moti pamafunika maelekitironi oposa 1,800 kuti afanane ndi pulotoni imodzi. N'chifukwa chake powerengera kulemera kwa atomu, maelekitironi timawasiya. Kulemera kumachokera ku phata, chaji chimachokera ku mapulotoni ndi maelekitironi. Mukasunga zimenezi m'mutu, masitepe otsatirawa sakuvutani.

Phatali ndi laling'ono modabwitsa. Likanakhala lalikulu ngati nsonga ya chala, atomu yonse ikanatambalala mamita mazanamazana. Ernest Rutherford ndiye anafotokoza zimenezi mu 1911, atawona zotsatira za Hans Geiger ndi Ernest Marsden ku Manchester. Iwo ankawombera tinthu ta chaji cha pulasi pa golide wopyapyala kwambiri. Tambiri tinkangodutsa, koma apo ndi apo kena kankabwerera m'mbuyo, kusonyeza kuti kagunda chinthu cholemera ndi chothinana. Elekitironi inali itadziwika kale kuchokera mu 1897 kudzera mwa J. J. Thomson. Nyutuloni ndiyo inachedwa kupezeka chifukwa chosowa chaji, mpaka James Chadwick anaitsimikizira mu 1932.

2. Yambani ndi mapulotoni nthawi zonse

Chiwerengero cha mapulotoni chimatchedwa atomic number, ndipo chimalembedwa ndi chilembo Z. Ndicho dzina lenileni la elementi. Atomu ya mapulotoni 6 ndi kaboni, ya mapulotoni 8 ndi okosijeni, ya 11 ndi sodium, ya 17 ndi chlorine. Ingataye maelekitironi, ingakhale ndi manyutuloni ochuluka kapena ochepa, bola mapulotoni ali 11, imeneyo ndi sodium basi.

Periodic table yasanjidwa motsatira nambala imeneyi, osati kulemera. Yang'anani argon ndi potassium: argon ndi yolemera pang'ono, 39.9, pomwe potassium ndi 39.1, komabe argon ndiyo ili patsogolo chifukwa ili ndi mapulotoni 18 ndipo potassium ili ndi 19. Dmitri Mendeleev posanja tchati chake mu 1869 ankatsatira kulemera, koma anaika tellurium patsogolo pa iodine ngakhale kuti tellurium ndi yolemera kuposa iodine, poona khalidwe la maelementiwo. Henry Moseley mu 1913 ndiye anasonyeza kuti chimene chimaika elementi pamalo pake ndi chaji cha phata lake.

Tsono lamulo langa ndi ili: funso lililonse likabwera, lembani mapulotoni choyamba, ndipo musawakhudzenso. M'zochitika zonse za chemistry, kaya chinthu chikuyaka, chikusungunuka kapena chikuchita dzimbiri, mapulotoni sasintha.

3. Pezani manyutuloni pochotsera

Mukaphatikiza mapulotoni ndi manyutuloni a atomu imodzi mumapeza mass number, yolembedwa ndi chilembo A. Ndiye manyutuloni ndi A kuchotsera Z. Sodium-23, kutanthauza sodium ya mass number 23, ili ndi mapulotoni 11, choncho manyutuloni ndi 23 − 11 = 12. Aluminium-27 ili ndi 27 − 13 = 14.

Polemba chizindikiro, mass number imakhala pamwamba kumanzere, ngati ²³Na, ndipo atomic number imakhala pansi pake. Koma matchati ena m'mabokosi awo amaika atomic number pamwamba, ena pansi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Musaloweze malo. Pa nambala ziwirizo, yaing'onoyo ndiyo atomic number, ndipo imakwera ndi 1 mukamachoka pa bokosi lina kupita pa lotsatira. Dziwaninso kuti mass number sikhala ndi desimo, chifukwa ndi kuwerenga tinthu tathunthu. Mukaona desimo, imeneyo ndi nambala ina, ndipo tiikamba pa sitepe 7.

4. Werengani maelekitironi a atomu yopanda chaji, muwaike m'mashelo

Atomu yopanda chaji ili ndi maelekitironi ofanana ndi mapulotoni, kuti pulasi ndi mainasi zithetsane. Maelekitironiwa amakhala m'magawo otchedwa mashelo. Pa maelementi 20 oyambirira, shelo yoyamba imatenga 2, yachiwiri 8, yachitatu 8, otsalawo amapita m'yachinayi. Okosijeni ndi 2,6. Sodium ndi 2,8,1. Chlorine ndi 2,8,7. Potassium ndi 2,8,8,1, osati 2,8,9. Kasanjidwe kophwekaka kamathera pa calcium, yomwe ndi 2,8,8,2. Kupitirira pamenepo shelo yachitatu imayambanso kulandira maelekitironi mpaka 18, choncho musakakamize 2,8,8 pa Fe (ayironi) kapena Cu (kopa).

Nambala yomalizayo, ya shelo yakunja, ndiyo ikuuzeni ayoni imene elementi ingapange.

5. Ayoni: chasintha ndi maelekitironi okha

Ayoni ndi atomu, kapena gulu la maatomu, imene yataya kapena kulandira maelekitironi, motero ili ndi chaji. Apa ndi pamene chizindikiro chimapusitsa anthu. Munthu akaona + amaganiza kuti china chawonjezeka, ndiye pa Na⁺ amalemba maelekitironi 12. Ayi. Chizindikirocho sichikunena zimene zalowa kapena kutuluka, chikunena mbali imene yachuluka pambuyo pake. Sodium inali ndi mapulotoni 11 ndi maelekitironi 11. Yataya elekitironi imodzi ya m'shelo yakunja ija, atsala 10. Tsopano pulasi ndi 11, mainasi ndi 10, pulasi yaposa ndi 1, n'chifukwa chake tikulemba Na⁺. Chlorine nayo yalandira elekitironi imodzi: pulasi 17, mainasi 18, ndiye Cl⁻.

Ngati mumakonda njira yachidule, maelekitironi ndi mapulotoni kuchotsera chaji, chajicho mutachitenga ndi chizindikiro chake. Mg²⁺ ndi 12 − 2 = 10. Al³⁺ ndi 13 − 3 = 10. O²⁻ ndi 8 − (−2) = 10. Ine ndimakonda kuti muyambe mwalemba mizere iwiri, wa pulasi ndi wa mainasi, n'kuyerekeza, kufikira mutazolowera. Njira yachidule imaiwalika mukapanikizika pa mayeso, koma kuyerekezako sikuiwalika. Ayoni ya pulasi imatchedwa cation, ya mainasi anion. Zitsulo zimakonda kutaya maelekitironi, pomwe maelementi ngati okosijeni ndi chlorine amakonda kulandira.

Mwina mwaona kuti Na⁺, Mg²⁺, Al³⁺ ndi O²⁻ zonse zatsala ndi maelekitironi 10, osanjidwa 2,8, mofanana ndi neon. Ena amafulumira kunena kuti sodium yasanduka neon. Bwererani ku sitepe 2: neon ili ndi mapulotoni 10, Na⁺ ili ndi 11. Zafanana kunja kokha.

Pali zolakwika zina zitatu zimene ndimaziona mobwerezabwereza. Choyamba, O²⁻ ndi O₂ n'zosiyana kotheratu. Nambala ya pamwamba ndi chaji cha ayoni imodzi, ya pansi ikuwerenga maatomu awiri ogwirana. Chachiwiri, ayoni ikapangika mass number sisintha, poti phata silinakhudzidwe. ²³Na ndi ²³Na⁺ zonse zili ndi manyutuloni 12. Chachitatu, si elementi iliyonse ili ndi ayoni imodzi yokha. Fe imapanga Fe²⁺ ya maelekitironi 24 komanso Fe³⁺ ya maelekitironi 23, ndipo zonse zili ndi mapulotoni 26.

Ayoni ya maatomu angapo isakuwopseni. Phatikizani mapulotoni onse, kenako chitani chimodzimodzi. NH₄⁺ ili ndi 7 (a N) + 4 (a ma H anayi) = 11, ndiye maelekitironi ndi 10. OH⁻ ili ndi 8 + 1 = 9, maelekitironi 10. SO₄²⁻ ili ndi 16 + 32 = 48, maelekitironi 50.

6. Isotopu: chasiyana ndi manyutuloni okha

Maisotopu ndi maatomu a elementi imodzi amene ali ndi manyutuloni osiyana. Haidirojeni ili ndi atatu odziwika: wamba wopanda nyutuloni n'komwe, deuterium wa nyutuloni imodzi, ndi tritium wa manyutuloni 2. Kaboni-12, kaboni-13 ndi kaboni-14 ali ndi manyutuloni 6, 7 ndi 8, koma onse mapulotoni ndi 6. Frederick Soddy ndiye anabweretsa dzinali mu 1913, ataona maatomu olemera mosiyana amene sankatheka kuwalekanitsa ndi njira za chemistry. Chifukwa chake n'chakuti khalidwe la elementi pogwirana ndi zina limadalira maelekitironi, ndipo maisotopu a elementi imodzi ali ndi maelekitironi ofanana. Uranium-235, yomwe ndi pafupifupi 0.7 peresenti yokha ya uranium wa m'chilengedwe, amailekanitsa ndi uranium-238 podalira kusiyana kochepa kwa kulemera, ndipo ntchito yake ndi yovuta.

Musaganize kuti isotopu ndi atomu yachilendo kapena yoopsa. Atomu iliyonse ndi isotopu ina yake ya elementi yake. Kaboni-12 ndi isotopu, ndipo ndi yokhazikika. Maisotopu ena okha ndiwo ali ndi phata losakhazikika limene limasweka n'kumatulutsa cheza. Kaboni-14 ndi imodzi mwa iwo: theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730, ndipo n'chimene akatswiri amagwiritsa ntchito podziwa zaka za mafupa kapena mitengo yakale. Ikamasweka, nyutuloni imodzi imasanduka pulotoni, mapulotoni n'kukhala 7, ndipo atomuyo imakhala nayitirojeni-14. Kusintha kwa phata koteroko ndiko kokha kumasintha dzina la elementi.

7. Nambala ya desimo ya pa tchati si mass number

Pano ndichedwapo, chifukwa mabuku ambiri amangodutsa, ndipo ndi pamene pamachokera manyutuloni 18.5 aja.

Nambala ya 35.5 imene ili pa bokosi la chlorine imatchedwa relative atomic mass. Sikunena za atomu imodzi. Palibe atomu ya chlorine yolemera 35.5 kulikonse. Chlorine wa m'chilengedwe ndi wosakanikirana: pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 75 ndi chlorine-35 ya manyutuloni 18, ndipo pafupifupi 25 ndi chlorine-37 ya manyutuloni 20. Nambala ya pa tchati ndi avereji ya gulu lonselo, yowerengera kuchuluka kwa mtundu uliwonse.

Chitani motere. Yerekezani kuti muli ndi maatomu 100 patsogolo panu. Maatomu 75 olemera 35 akupereka 75 × 35 = 2,625. Maatomu 25 olemera 37 akupereka 25 × 37 = 925. Pamodzi ndi 3,550. Gawani ndi 100, mupeza 35.5.

Cholakwika chofala ndi kuphatikiza 35 ndi 37 n'kugawa pawiri, kupeza 36. Yankho limeneli likanakhala loona maisotopuwo akanakhala ochuluka mofanana, 50 kwa 50. Poti chlorine-35 ndi yochuluka katatu, imakokera avereji kumbali yake. Zimenezi zikupatsaninso njira yodzifufuza nokha: yankho lanu liyenera kukhala pakati pa isotopu yopepuka ndi yolemera, ndipo liyandikire yochulukayo. Mukapeza 38 kapena 34, musapitirire, mwalakwitsa penapake. Mukapeza 36.5, mwasinthanitsa maperesenti.

Maisotopu akakhala atatu, njira ndi yomweyo. Magnesium ili ndi pafupifupi 79 peresenti ya magnesium-24, 10 peresenti ya magnesium-25 ndi 11 peresenti ya magnesium-26. Ndiye 1,896 + 250 + 286 = 2,432, kugawa ndi 100 ndi 24.32, ndipo tchati chimati 24.3.

Nthawi zina funso limatembenuzidwa: akupatsani avereji, akufuna maperesenti. Boron ili ndi boron-10 ndi boron-11, avereji yake ndi 10.8. Nenani kuti pa maatomu 100, a boron-10 alipo x, ndiye a boron-11 ndi 100 − x. Kulemera konse ndi 10.8 × 100 = 1,080. Lembani 10x + 11(100 − x) = 1,080. Mukatsegula mupeza 1,100 − x = 1,080, choncho x ndi 20. Boron-10 ndi 20 peresenti, boron-11 ndi 80 peresenti. Fufuzani ndi maso: 10.8 yayandikira 11, ndiye n'zomveka kuti boron-11 ndiyo yochuluka.

Tsopano tibwere ku chizolowezi chimene ambiri anaphunzitsidwa, chongofikitsa nambala ya pa tchati ku nambala yathunthu yapafupi n'kuitcha mass number. Pa maelementi ena chimagwira. Sodium, fluorine, aluminium ndi phosphorus zili ndi isotopu imodzi yokha yokhazikika, ndiye 22.99 ndi 23 ndithu, 26.98 ndi 27 ndithu. Chimagwiranso pamene isotopu imodzi yachuluka kwambiri, monga kaboni-12 yomwe ndi pafupifupi 99 peresenti. Koma yesani pa bromine. Tchati chimati 79.9, ndiye mungalembe kuti bromine-80, manyutuloni 45. Komatu bromine wa m'chilengedwe ndi bromine-79 ndi bromine-81, zochuluka mofanana pafupifupi, za manyutuloni 44 ndi 46. Bromine-80 ndi yosakhazikika ndipo simupezeka m'botolo la bromine wamba. Kopa nayenso chimodzimodzi: 63.5 ingakukokereni ku 64, pomwe maisotopu ake okhazikika ndi 63 ndi 65. Choncho funso lakuti "bromine ili ndi manyutuloni angati" ndi losakwanira. Yankho loyenera limayamba ndi kufunsa kuti isotopu iti. Funso likakupatsani mass number, gwiritsani ntchito imeneyo, tchati muchisiye. Likapanda kukupatsani, tchulani isotopu imene mwasankha, musangolemba nambala.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamadabwitsa amene amawerengera mosamala. Matchati ena salemba 35.5 koma 35.45. Mbali ina n'chifukwa choti maperesenti enieni ndi pafupifupi 75.8 ndi 24.2. Mbali ina n'chifukwa choti kulemera kwenikweni kwa isotopu sikufanana ndendende ndi mass number yake: chlorine-35 imalemera 34.97, chlorine-37 imalemera 36.97. Muyezo wa zonsezi ndi kaboni-12, imene kuyambira mu 1961 akatswiri anagwirizana kuti ikhale 12 ndendende, maatomu ena onse n'kumayerekezedwa nayo. Ndilo tanthauzo la mawu akuti relative, ndipo n'chifukwa chake nambalayi ilibe magalamu kumapeto kwake. Maperesentiwo amayezedwa ndi makina otchedwa mass spectrometer, amene amasandutsa maatomu kukhala maayoni n'kuwapatula motsatira kulemera. Francis Aston anapanga makina a mtundu umenewu mu 1919, n'kutsimikizira kuti neon ili ndi maatomu olemera 20 ndi ena olemera 22.

8. Phatikizani zonse pa chizindikiro chimodzi

Chizindikiro chikakhala ndi mass number komanso chaji, tsatirani ndondomeko yomweyi: mapulotoni kuchokera ku dzina, manyutuloni kuchokera ku mass number, maelekitironi kuchokera ku chaji. Nambala ya kumanzere isalowerere pa maelekitironi, ya kumanja isalowerere pa manyutuloni.

³⁷Cl⁻: mapulotoni 17, manyutuloni 37 − 17 = 20, maelekitironi 18.
⁵⁶Fe³⁺: mapulotoni 26, manyutuloni 30, maelekitironi 23.
¹H⁺: pulotoni 1, palibe nyutuloni, palibe elekitironi. Ayoni imeneyi ndi pulotoni yokhayokha.

Akakupatsani nambala kuti mupeze chizindikiro, yambaninso ndi mapulotoni. Tinene kuti ndi mapulotoni 16, manyutuloni 18, maelekitironi 18. Wothamanga amaona 18 n'kulemba argon. Koma 16 ndi sulfur. Mass number ndi 16 + 18 = 34, ndipo mainasi yaposa pulasi ndi 2, choncho ndi ³⁴S²⁻.

Yesani izi nokha musanaone mayankho. Kodi ⁴⁰Ar, ⁴⁰K ndi ⁴⁰Ca ndi maisotopu? Nanga chinthu cha mapulotoni 20, manyutuloni 20 ndi maelekitironi 18 n'chiyani? Ndipo ngati elementi ili ndi maisotopu olemera 63 ndi 65, woyambayo ali 69 peresenti, avereji yake ndi chiyani?

Loyamba, ayi. Zafanana mass number koma mapulotoni ndi 18, 19 ndi 20, choncho ndi maelementi atatu osiyana, a manyutuloni 22, 21 ndi 20. Lachiwiri ndi ⁴⁰Ca²⁺. Lachitatu, 69 × 63 = 4,347 ndipo 31 × 65 = 2,015, pamodzi 6,362, kugawa ndi 100 ndi 63.62. Ameneyo ndi kopa, ndipo kusiyana kochepa ndi 63.55 ya pa tchati kukuchokera pa zimene tanena za kulemera kwenikweni kwa maisotopu. Ngati pa funso lachiwiri munalemba argon, bwererani ku sitepe 2 ndi 5, muchitenso zitsanzo za Na⁺ ndi O²⁻ polemba mizere iwiri ija ya pulasi ndi mainasi.